M'kati mwa Tanuki Mulibe Munthu

Ana inu mwandifunsa kangapo chifukwa chimene agogo anu aNambewe amanyowetsera chala n'kudzipaka malovu m'nsidze akandiona ndikubwera. Mayi anu amakuuzani kuti ndi ukalamba. Si ukalamba. Mutu wa agogo anuwo ukadali wakuthwa kuposa mitu yathu tonse titaiphatikiza. Tsono popeza mawondo andikhazika pansi ndipo ntchito ndinapuma, ndati ndilembe ndekha, nkhaniyi isadzakupezeni kudzera kwa mnzanga Tembo wa ku Chipata, amene akamafotokoza chinthu amathira mchere mpaka ndiwo zosadyeka. Za ubwana wanga ndidumpha. Aliyense anawetako mbuzi.

Chakumbuyo chimodzi chokha muchidziwe. Ine ndinakulira ku Dedza, m'mudzi wa gule, ndipo ndili mnyamata miyendo yanga inkamva ng'oma makutu asanamve. Zambiri sindinena, makamaka poti ena mwa inu ndinu akazi. Pamene ndinkafunsira mayi anu, agogo anu anali mtsogoleri wa amayi kumpingo, ndipo anatumiza mawu kudzera kwa ankhoswe. Anati: "Mwana tapereka, malo omanga nyumba tapereka. Koma tsiku limene ndidzamve kuti mkamwini wabisa nkhope n'kuvina pagulu, adzapeza bulangete lake pamsewu." Ndinavomera, ndinabatizidwa, ndinamanga pamalo awo. Choncho nyumba, munda, mayi anu ndi inu nonse munali m'manja mwa mayi ameneyu, ndipo iwo sanali munthu womeza mawu ake.

Chaka choyamba: Hor Al Anz ndi Al Rigga

Agogo anu ndiwo anayamba kupita ku Dubai. Amuna awo atamwalira anapeza ntchito yolera ana m'banja lina la Aluya ku Al Barsha, ndipo ankagona komweko. Fodya atatikana, ndi iwo omwe anandifunira malo kudzera kwa mnzawo wa kumpingo. Ndinafika m'mwezi wa Julaye. Nditatuluka pabwalo la ndege ndinabwereranso m'kati, poganiza kuti ndasochera n'kulowa kukhitchini.

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka mbale ndi kukolopa mu lesitilanti ya Chijapani ku Al Rigga. Ndinkagona ku Hor Al Anz, m'chipinda cha mabedi osanjikiza momwe ukatembenuka umapepesa mayiko atatu. Pansi panga pankagona Tembo, weta wa mu lesitilanti yomweyo, amene anandiphunzitsa Chiluya chonse tsiku limodzi. Anati, "Ba Phiri, kuno mau ni atatu chabe. Yalla ni kuti thamanga. Inshallah ni kuti iwalako. Khalas ni kuti longa katundu."

Masiku amenewo tinkapemphera Lachisanu, poti ndilo linali tsiku lopuma. Amalawi ndi a ku Zambia tinkasonkhana m'chipinda china chobwereka, ndipo agogo anu ankaloledwa kubwera. Ulemu wa mkamwini ndinausunga ngati tili kumudzi. Ndikawaona ndinkanjuta chapatali, nkhope kumbali, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, iwo n'kuyankha akuyang'ana khoma. Amwenye odutsa ankaima kuti andithandize kufuna chimene ndataya pansi. Sitinadyepo pamodzi, sitinagwiranepo chanza. Ngakhale sitima ya mumzinda inatithandiza, poti ili ndi chipinda cha amayi okha. Iwo uko, ine kuno, mwambo n'kumayenda wokha panjanji.

Mwini lesitilanti anali a Tanabe, nkhalamba yaifupi yaimvi, yolankhula motsitsa ngati ikuopa kudzutsa mwana. Makoma onse anali odzaza zithunzi zimene anajambula malemu akazi awo, ndipo sizinali za maluwa ayi. Panali nkhandwe ya michira yambiri itavala zaukwati. Panali mphaka akuvina choimirira, kansalu kali pamutu. Panali ambulera ya diso limodzi ndi mwendo umodzi, lilime lili panja. Pakona ya ana panali kanema woonetsa makatuni a kwawo tsiku lonse, momwe zinthu zomwezi zinkathamanga, kusanduka ndi kulira ngati anthu, ana n'kumaseka ali ndi mpunga kukamwa. Tembo ankakana kupukuta chithunzi cha ambulera, ati diso lake limamutsatira mpaka kukhitchini.

Tsiku lina m'mawa a Tanabe anandipeza nditaima ndi chokolopera, ndikuyang'anitsitsa nkhandwe ija. Chizungu chawo chinali chothyokathyoka, changa chotsimphina, ndiye tinkamvana bwino kwambiri.

"Imeneyi ikakalamba imasanduka mkazi wokongola," anatero. "Imakwatiwa, imabereka, imasunga nyumba bwino. Mphaka naye akakhalitsa pakhomo amaphunzira kuyenda ndi miyendo iwiri. Ngakhale ambulera, ukaigwiritsa ntchito zaka zambiri n'kuitaya osaithokoza, imadzuka."

"Nanga mwamuna wa nkhandweyo amadziwa bwanji, bwana?"

"Mchira, kapena chithunzithunzi chake m'madzi. Chinthu chosanduka chimaiwala kanthu kamodzi nthawi zonse. Kwathu akale ankati ukamukayikira munthu panjira, unyowetse chala n'kupaka m'nsidze, ndiye sangakupusitse. Kwanu zoterezi zilipo?"

"Kwathu n'zotembenuza, bwana. Munthu ndiye amasanduka fisi. Koma sitimujambula pakhoma la malo odyera."

Anaseka mpaka kukhala pampando wa makasitomala, ndipo kuyambira tsikulo ankanditchula Phiri-san, kumene ndi kulemekeza kwa kwawo. Chimene ankachikonda koposa chinali chifanizo cha pakhomo, cha tanuki. Tanuki ndi kanyama kenikeni ka ku Japan, kokhala ngati galu wonenepa wa nkhope ya chiuli. M'nthano zawo n'kachidakwa kosaopsa, kokonda kuseka. Kakaika tsamba pamutu kamasanduka chilichonse, kaya ketulo, kaya wansembe, kaya munthu wamalonda, ndipo kakakhuta kamaimba mimba yake ngati ng'oma. Ku Japan chifanizocho chimakhala ndi katundu wina wolendewera amene sindingamutchule kwa ana anga. Ku Dubai a Tanabe anachita kuchisokera kabudula.

Chaka chachitatu: ndikwezedwa pantchito

Loweruka lililonse pamalopo pankatuluka tanuki wamoyo wosangalatsa ana. Ankavala bambo wina wa ku Nepal, ndipo atabwerera kwawo chovalacho chinatsala lende m'sitolo ngati mbuzi yosenda. Chinali chaubweya, mimba ngati mtsuko, chimutu chachikulu chokhala ndi kafeni m'kati, ndipo wovalayo ankaonera pakamwa. A Tanabe anatiyeza tonse ndi maso n'kuima pa ine. Ndinakana. Ndinati mpingo wanga sulola. Iwo anagwedeza mutu kuti amvetsa, kenako anatchula malipiro ake. Iwe Chisomo unali utangosankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo Madalitso ankatsatira pambuyo. Mpingo wanga unayamba kulola pang'onopang'ono.

"Malamulo ndi awa," anatero a Tanabe. "Osalankhula. Osavula mutu pamaso pa anthu. Lalikulu ndi ili: wina akafunsa kuti m'kati muli ndani, yankho n'lakuti m'kati mulibe munthu. Ndi tanuki basi. Ukaphwanya limodzi, khalas."

Ndinali nditathawa mawu amenewa ku Dedza, n'kudzawamva pakamwa pa Mjapani m'chipululu. Ndinangoti, "Bwana, lamulo lalikululo musavutike n'kundiphunzitsa."

Ndinadzilonjeza kuti kuvina ayi. Ndizingokupiza dzanja n'kujambulitsa ndi ana. Koma a Tanabe anali ndi ching'oma cha kwawo choimba ndi ndodo ziwiri, ndipo atachigunda koyamba miyendo yanga sinandifunse. Ndinangozindikira ndikupalasa matailosi, mchira ukukupiza uku ndi uku, ana akukuwa, makolo atakweza mafoni m'mwamba. Titatha, a Tanabe anandipatsa madzi n'kunena kuti, "Phiri-san, tanuki wa kwathu savina chonchi. Koma akanadziwa, akanavina."

Kenako tinakonza sewero limene linatchuka. Tanuki ankavina, n'kuika tsamba pamutu, n'kulowa kuseri kwa katani. Ng'oma inkalira, ndipo kuseri kuja kunkatuluka bambo wa suti yakuda atanyamula mbale ya zokoma, akuyenda monyada ngati wa kubanki. Ameneyo anali Tembo. A Tanabe ankafunsa ana kuti, "Kodi ameneyu ndi munthu?" Ana onse ankanyowetsa zala n'kupaka m'nsidze, ndipo Tembo akatembenuka ankaona chimchira cha tanuki chitatulukira pansi pa jekete. Phokoso lake linkamveka mpaka pamsewu.

Mayi anu ndinawauza kuti ndakwezedwa, tsopano ndine supavaiza wolandira alendo. Alendo ndinkawalandiradi. Agogo anu atamva anaimirira m'mapemphero a Lachisanu n'kupereka umboni wa zimene Mulungu wachitira mkamwini wawo, mpingo wonse n'kundiwombera m'manja, Tembo akutsokomola kumbuyo. Ndinachita manyazi, ndipo mantha ndinali nawo. Chimene chinkandigonetsa tulo n'chakuti Al Rigga ndi Al Barsha n'kotalikirana.

Chaka chachisanu: Al Barsha

Lendi itakwera ku Al Rigga, a Tanabe anasamutsa lesitilanti. Atatiuza kumene tikupita, Tembo anandiyang'ana n'kuvula chipewa ngati pamaliro. Malo atsopanowo anali ku Al Barsha, pafupi ndi chisitolo china chachikulu kwambiri. Chaka chomwecho kafeni ka m'mutu wa tanuki kanafa, ndipo katsopano kankayenera kuchokera ku Japan. Ndikafunsa, yankho linali inshallah. Chilimwe chonse ndinkamanga m'chiuno timapaketi ta madzi oundana tochokera m'bokosi la nsomba, moti tanuki ankanunkha ngati msika wa usipa, ndipo amphaka a kuseri kwa khitchini ankandilandira ngati mfumu yawo.

Loweruka lina masana ndikuvina, ndinaona kudzera pakamwa pa tanuki banja la Aluya likulowa, ndipo kumbuyo kwawo mayi wa yunifolomu ya pinki atanyamula chikwama cha mwana. Kayendedwe kake ndinakadziwa ndisanaone nkhope. Anali agogo anu. Madzi oundana aja ndinawamva akusungunuka onse nthawi imodzi. Mwana amene ankalera anali Leila, kamtsikana kowonda kokana chakudya, ndipo m'nyumbamo agogo anu ankaitanidwa kuti Meri. Ana onse obwera pamalopo ankakonda kumenya mimba ya tanuki. Leila anakoka dzanja la agogo anu n'kumati, "Meri, yalla, iwenso." Mayi ake a mwanayo anali atakonza kale foni kuti ajambule.

Ana anga, zaka zonse zija ndinali ndisanakhudzepo ngakhale chala cha apongozi anga. Tsiku limenelo anandikumbatira m'khosi ndi dzanja limodzi, linalo n'kundimenya pamimba, phu phu phu, akumwetulira foni, uku akunong'ona m'Chichewa kuti, "Ambuye mundikhululukire, ndi ntchito." M'katimo ndinkafuna nthaka ing'ambike. Sindinaganize n'komwe chochita. Thupi linachita lokha zimene linazolowera: mawondo anapinda, chimutu chinatembenukira kumbali, zikhatho zaubweya zija n'kuwombana pang'onopang'ono. Anthu anaseka, ati tanuki wachita manyazi.

Tsoka lake n'lakuti Leila anadya. Tanuki ataima pambali pake, anamaliza mbale yonse ya mpunga, mayi ake mpaka kugwetsa misozi. Kuyambira pamenepo ankabwera Loweruka lililonse. Makolo ankapita kukagula zinthu, n'kusiya mwana, agogo anu, ndi pempho lakuti tanuki akhale nawo patebulo. Choncho ine, mkamwini wobatizidwa, ndinkakhala moyang'anizana ndi apongozi anga akudya. Poyamba ankangong'ung'udza kuti, "Chinyama chonunkha usipa." Patapita milungu ingapo anayamba kucheza nacho.

"Iwe chilombo," anatero tsiku lina akupukuta Leila pakamwa, "poti Chichewa sumva, ndikuuze. Ndili ndi mkamwini kuno, supavaiza. Munthu wabwino ndithu, koma foni amaiopa ngati njoka. Mwana wanga amatha mwezi osamva mawu ake."

Chimutu cha tanuki chinali cholemera, ukangosuntha pang'ono chinkagwedezeka ngati chikuvomera. Madzulo omwewo ndinaimbira mayi anu, ndipo anadabwa mpaka kufunsa ngati ndadwala. Loweruka lotsatira nkhani inali ya denga la khitchini limene likudontha supavaiza ali phee. Malata anagulidwa. Kenako inabwera ya tayi yanga yobiriwira ya Lachisanu, ati imandionetsa ngati wodulitsa ziphaso pamsika. Tayiyo ndinapatsa Tembo.

"Mudala, apongozi banu baziba," anatero Tembo.

"Sakudziwa. Akanadziwa, bulangete likanakhala kale pamsewu."

"Manje tayi ili na ine chifukwa chani?"

Ndinangopita kukavala chimutu changa, chifukwa Tembo ukamuyankha ndiye wamupatsa mpando.

Chaka chachisanu ndi chimodzi: Loweruka la keke

Makolo a Leila anabwereka lesitilanti yonse kuti achitire phwando la tsiku lake lobadwa. Anaitana abale, anzawo a kuntchito ndi ana osawerengeka, ndipo chimene mwanayo anapempha chinali chimodzi: aone tanuki akusanduka munthu n'kumubweretsera keke. M'mawa wa tsikulo Tembo anadzuka tsaya litatupa ngati wabisa bonzi m'kamwa. Dzino. Anayesa kulimba mtima, koma masana a Tanabe anamuthamangitsira kuchipatala. Ine sindinadziwe, poti ndinali kale m'chovala. Ndinavina monga mwa masiku onse, ndinaika tsamba pamutu, ndinalowa kuseri kwa katani. Kumeneko sindinapeze Tembo. Ndinapeza a Tanabe atanyamula suti yakuda ya mchira.

"Phiri-san, lero usanduka wekha. Vula msanga. Ndiimba ng'oma motalikitsa."

Ndinavula chimutu n'kunong'ona kuti, "Bwana, sindingathe. Mayi wa yunifolomu ya pinki uja ndi mayi a mkazi wanga."

Nkhope yawo inawala. "Zoona? Ndiye asangalala kwambiri."

"Bwana, akandiona banja langa latha."

Anandiyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti anamva kulemera kwake ngakhale sanamvetse chifukwa chake. Anayang'ana sutiyo, anadziyang'ana okha, koma inali yoti iwo akanalowa thupi lonse m'mwendo umodzi. Maweta otsalawo anali atsikana, ophika anali pamoto. Anati, "Sindikukakamiza. Chitseko cha kukhitchini ndi icho. Ukatuluka sindikuchotsa ntchito. Ndikawauza kuti tanuki wathawa." Anandisiyira suti ija pampando n'kupita kung'oma.

Akanandiopseza ndi khalas, mwina ndikanathawa ndi mtima woyera. Koma anandisiya ndi ufulu, ndipo ufulu umalemera. Ndinaima pamenepo theka munthu theka tanuki, thukuta lili chuchuchu. Ndinaganiza za nyumba yanga pamalo a eni, za mayi anu, za inu, za bulangete lili pamsewu anthu akudutsa. Ndinagwiradi chitseko cha kukhitchini. Ndiye ndinamva Leila akuitana tanuki ndi kamawu kake kaja, ana ena n'kumuthandiza, ng'oma ikulira, ikulirabe, nkhalamba ija manja akutopa. Mwana ameneyu anali atadya mpunga chaka chathunthu pokhulupirira ine. Ndinaona kuti ndikathawa, agogo anu ndi amene akagone ndi mwana wolira, ndipo mawa lake mbale idzabwerera yodzaza. Ndinavala sutiyo. Ndinanyamula keke. Ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri m'moyo wanga, ndipo ndinatsegula katani.

Ana anakuwa. Ine maso anga anapita molunjika kwa agogo anu, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kuwayang'ana m'maso. Iwo anandiyang'ananso, nkhope yosasintha ngati ya woweruza. A Tanabe anafunsa funso lawo lija, ana ananyowetsa zala n'kupaka m'nsidze. Leila anagwira chala cha agogo anu kuti nawonso achite. Anachita, pang'onopang'ono, nsidze iyi kenako iyo. Ine ndinatembenuka monga mwa sewero, ndipo apongozi anga anaona mchira wanga.

M'phokoso lonse lija ndinamva mawu awo, m'Chichewa, osakweza. Anati, "Ha, chinyama ichi n'choopsa. Chasanduka mkamwini wanga."

Lachisanu lotsatira

Mlungu umenewo sindinadye bwino. Foni ikalira ndinkadumpha, poganiza kuti ndi ankhoswe. Mayi anu ankalankhula za nkhuku ndi za mvula, osatchula kanthu, ndipo zimenezo zinkandiopsa koposa. Tembo, tsaya litaphwa, anandilangiza kuti ndikane. Ati ndinene kuti tinabadwa mapasa. Ine ndinatsimikiza kuti ndikaulula ndekha, chigamulo chindipeze nditagwada.

Titaweruka mapemphero ndinawapeza atakhala pabenchi panja. Ndinanjuta chapatali, nkhope kumbali, n'kuwomba m'manja.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Inenso ndili nawo, aPhiri, ndipo ndiyambe ndine, poti ndine wamkulu," anatero akuyang'ana khoma. "Loweruka ndinaona zoopsa. Chilombo cha Ajapani chija chinaba nkhope yanu. Ndevu zanu zomwe, ngakhale dzino lanu lobenthuka lija. Muzipemphera."

"Amayi, chilombocho kunena zoona..."

"Ndati chinaba." Mawu awo anauma. "Ine ndine mkazi, aPhiri, ndipo ndinabadwira m'mudzi ndisanadziwe khomo la tchalitchi. Mkazi safunsa za m'kati mwa chilombo, ndipo mwamuna wanzeru samuuza. Ndikamva ndi makutu angawa ndiye kuti ndamva, ndipo zimene ndinalankhula pamaso pa ankhoswe sindingazimeze. Tsono mawu anu aja ndi otani?"

Ndinawombanso m'manja. Kenako ndinati, "Ndimati ndikufunseni ngati mwadzuka bwino."

"Ndadzuka bwino." Anakonza mpango wawo. "Leila uja ndinamulandira ali wakhanda. Amanditchula dzina limene mayi anga sanalimvepo, koma akadwala amalira ine. Madamu anali atayamba kunena kuti mwina wolera wina angamudyetse bwino. Chilombo chija ndicho chinandisungira mwanayo. Mukachiona muchithokoze." Anaimirira n'kunyamula chikwama. Atayenda pang'ono anaima, osatembenuka. "Muchiuzenso kuti chisamale. Tsiku loyamba lomwe lija, nditangochiyandikira, chinanjuta, nkhope kumbali, n'kuwomba m'manja. Sindinaonepo nyama ya ku Japan yoleredwa ku Dedza."

Ndinatsala nditanjuta pomwepo mpaka Mmwenye wina anaima kundifunsa chimene ndataya. Ndinali nditasamala mawu, kayendedwe, ngakhale nsapato, koma kanthu kamodzi kamene a Tanabe ankanena kaja ndinakaiwala. Ndiye kuti foni, malata ndi tayi, zonse zija ankauza ine, m'maso muli gwa. Ndinaseka, kenako ndinapezeka ndikulira, ndipo sindichita manyazi kulemba zimenezi.

Zaka zotsalazo

Loweruka lotsatira anabwera monga mwa nthawi zonse, ine n'kukhala patebulo monga mwa nthawi zonse. Leila anakula, anayamba kudya yekha, koma ankapemphabe kubwera, ndipo agogo anu sanasiye kucheza ndi chilombo. Pa Lachisanu tinali apongozi ndi mkamwini, moni wa chapatali basi. Loweruka ankandiuza zonse. Anandiuza za kuthamanga kwa magazi kumene ankabisira madamu, za mmene ankasowera amuna awo, za mantha awo oti angafere m'dziko la eni n'kubwerera kwawo m'bokosi pansi pa ndege. Zimenezi sanauzepo mayi anu, ndipo mkamwini sakanamuuza. Ankauza tanuki, tanuki n'kumagwedeza chimutu. Ndikuganiza kuti palibe mkamwini m'boma lonse la Dedza amene anawadziwa apongozi ake monga ndinawadziwira ine, ndipo sindinayankhepo liwu ndi limodzi lomwe.

Iwo ndiwo anayamba kubwerera kumudzi. Ine ndinavinabe mpaka mawondo anakana, chaka chomwe a Tanabe anatseka lesitilanti kuti akapume kwawo. Tsiku lomaliza anapachika chovala chija pampando, anachiweramira n'kuchithokoza mokweza, kuti chisadzadzuke. Kenako anatembenuka n'kundiweramira inenso. Sindinafunse ngati chifukwa chake chinali chomwecho.

Nditatsika minibasi pamsewu wa kwathu, katundu ali m'manja, chinthu choyamba kuona chinali bulangete langa lakale la mizere yofiira, litayanikidwa pampanda, mbali ya kumsewu. Ndinaima pomwepo ngati mlendo wosochera. Agogo anu anali pakhonde, mayi anu ataima pambali pawo. Ndinatula katundu, ndinanjuta ndi mawondo anga owawawa, nkhope kumbali, n'kuwomba m'manja. Agogo anu ananyowetsa chala, anapaka nsidze iyi, anapaka iyo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, mpaka kusuzumira kumbuyo kwanga. Kenako anatembenukira kwa mayi anu.

"Ndi yemweyo," anatero. "Kalowetse bulangetelo, lauma."